Tinakachapa Mabulangete ku Morogoro

Lachisanu lapitali, dzuwa lisanatuluke, Abiti Yusufu anatilira maliro ife tili moyo.

Abiti Yusufu ndi mnansi wathu kuno ku Kigamboni, mayi wa kwa Mponda, amene amuna awo, Che Bwanali, amagulitsa nsomba zouma pafupi ndi pokwerera pantoni, chombo chowolotsa anthu kupita m'tauni. Anatuluka kudzataya madzi n'kutipeza pakhomo, ine nditanyamula lona paphewa, akazi anga, a Nambewe, atasenza chimtolo cha mabulangete, ketulo ili m'manja. Sanafunse n'komwe. Beseni linagwa pansi, manja n'kupita kumutu.

"Mayo ine! Msiba, jamani! Watisiya ndani, mayi a Rute? Bwanji osatidzutsa?"

Zitseko zinayamba kutseguka. Che Bwanali anatuluka akuvala kofia, nandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri.

"Pole sana, achimwene. Zovutazi zili kuti?"

"Palibe wamwalira, Che Bwanali. Tikupita kuphiri."

"Kuphiriko kuli ndani?"

"Kulibe munthu."

"Nanga mukukatani?"

"Kukaliona."

Anandisiya dzanja pang'onopang'ono, akundiyang'ana m'maso momwe timayang'anira munthu amene wayamba kuyankhula yekha pamsewu.

"Kukaliona phiri?" anatero. "Likudwala?"

Musawaseke Che Bwanali, awerengi anzanga, chifukwa inunso mukanafunsa chomwecho. Ife Anyasa a muno mu Dar es Salaam timayenda maulendo anayi okha: wa maliro, wa matenda, wa ukwati ndi wa ntchito. Munthu akatuluka m'mamawa ndi bulangete ndi ketulo, aliyense amadziwa kuti akukagona pasiwa. Abiti Yusufu sanalakwitse kuwerenga. Tinalakwa ndife, amene tinalemba zachilendo.

Koma ndiyambire kumene nkhaniyi inayambira, ku sanduku.

Kuchipinda kwathu kuli bokosi lachitsulo lobiriwira, lija kuno timati sanduku, limene a Nambewe anabwera nalo kuchokera kwawo zaka khumi ndi chimodzi zapitazo. Kwawo ndi ku Mulanje, m'tsinde mwenimweni mwa phiri. Ine ndine wa ku Chikwawa, kuchigwa, kumene kutentha ndi mbale wathu, choncho Dar es Salaam sanandivutepo. Ndimawoloka pa pantoni m'mawa uliwonse kupita ku Kurasini, kumene ndine karani, kalaliki wolemba mapepala a katundu wokwera m'malole, ndimaona zombo, ndimacheza ndi anthu, madzulo n'kubwerera kunyumba ndili ndi nkhani zodzaza kamwa. A Nambewe amaona khoma, chitsime ndi chingwe choyanikira zovala.

Chaka chathachi anayamba kukhala chete. Osati kukwiya, ayi. Mkazi wokwiya amamveka ndi mbale. Awa anangozima. Tsiku lina ndinawapeza pachitsime akupaka sopo pa malaya anga, kupaka, kupaka, thovu osatuluka, pakuti madzi a kuno ndi amchere. Anayang'ana sopoyo nthawi yaitali, kenako n'kunena osandiyang'ana:

"Dziko lino lili ngati mbale, bambo a Rute. Kulikonse kumene ndayang'ana ndi nyanja ndi minazi, mitengo ya kokonatiyi. Maso anga alibe potsamira."

Ine, nzeru zanga zonse zija, ndinayankha kuti, "Mudzazolowera." Kumuuza munthu wa zaka khumi ndi chimodzi kuti adzazolowera!

Mwezi watha anati akufuna kupita kukaona amayi awo. Ndinavomera. Koma ndinayamba kuona zimene zinkalowa m'sanduku muja. Makapu amaluwa a paukwati wathu analowa. Sizasi yawo yosokera inalowa. Tsiku lina ndikufuna vesi m'Baibulo ndinapeza kuti makadi a ubatizo a ana athu awiri, amene amakhala pakati pa Masalimo, achokamo. Munthu wokacheza satenga makadi a ubatizo. Ndipo kwawo kwa a Nambewe ana ndi a kuchikazi. Akakafika nawo pakhonde la amalume awo, ine ndikanatsala kuno ndi mpando umodzi ndi pulaimasi.

Ndinachita mantha. Ndikunena poyera, ndipo amene akufuna kundiseka aseke. Ndinachita mantha kotero kuti ngakhale kufunsa sindinafunse.

Amene anandipatsa nzeru, mosadziwa, ndi Hamisi, dalaivala wa lole kuntchito kwathu, Mluguru wa ku Morogoro. Tsiku lina tikudikira kuti katundu athe kukwera, anayamba kutama kwawo. Anati kuseri kwa tauni yawo kuli mapiri ofika kumitambo, ndipo kuli mtsinje wotsika pakati pa makoma awiri a miyala, madzi ake ozizira oti mano amawawa.

"Azungu amapita kumeneko ndi matenti," anatero, "kukagona pansi ngati alibe nyumba. Bure tu, popanda chifukwa."

Ndinamupempha lona lakale lofundira katundu, ndi malo awiri kutsogolo kwa lole yake pa tchuthi cha masiku atatu chimene tangothachi.

Nditawauza a Nambewe, anafunsa funso lomwe lija la Che Bwanali.

"Tikukaona ndani?"

"Mtsinje."

Anapitiriza kusankha mpunga m'lichero.

"Madzi ake ndi otani?"

"Akuti ndi ozizira, oyera."

"Miyala ilipo?"

"Akuti yambiri."

"Ndiye tipita," anatero. "Koma ine sindiyenda ulendo wopanda ntchito ngati wamisala."

Anadzuka, n'kuyalula mabedi onse. Mabulangete asanu ndi limodzi! Mukudziwa inu kuti nyumba ya Mnyasa yopanda bulangete si nyumba, ngakhale kuno timafunda miyezi iwiri yokha pachaka, miyezi ina yonse akungomwa thukuta ndi fumbi. Anawamanga m'chitenje pamodzi ndi mitanda iwiri ya sopo.

Ndinayesa kukana. Ndinati kumeneko anthu amapita kukapuma, Azungu amanyamula kamera ndi mabuku.

"Azungu ali ndi owachapira," anatero a Nambewe, nkhani n'kuthera pomwepo.

Musaganize kuti ine ndinali wanzeru kuposa iwo. Ndinavala suti yanga ya Lamulungu, tayi, ndi nsapato zachikopa zopolisha, poti mwamuna wa paulendo amavala mwaulemu. Hamisi atandiona ku Kurasini anaseka mpaka kutsamira pa tayala.

"Bwana karani, mukukakwera phiri kapena mukukalifunsira?"

Ana tinawasiya kwa Abiti Yusufu, atapukuta misozi yawo yotayika pachabe ija. Lole inatuluka m'tauni, mitengo ya kokonati inatha, tinalowa m'thengo lathyathyathya, kenako minda ya khonje yondandalika mpaka kumene maso alekezera. Ine ndinali kusinza. Chakumasana ndinadzidzimuka wina atandigwira bondo mwamphamvu. Anali a Nambewe. Anangoloza ndi chibwano.

Kutsogolo kwathu kunali mapiri, obiriwira mpaka kuda, mitu yake itabisika m'mitambo. Ndinayang'ana mapiriwo pang'ono, kenako ndinayang'ana nkhope ya mkazi wanga, ndipo nkhopeyo ndi imene ndinaiyang'ana mpaka tinafika.

Hamisi anatitsitsa kumapeto kwa tauni, pansi pa mtengo wa mango pamene pamayambira kanjira kokwera.

"Lamulungu masana mundipeze pomwe pano. Tsatani madzi, simusochera. Haya, safari njema!"

Tisanapite patali tinakumana ndi mayi wina wa komweko akutsika ndi dengu la nthochi ndi kabichi. Chiswahili cha a Nambewe n'chothyokathyoka mpaka lero, koma awiriwa sanavutike kumvana. Mayiyo anayang'ana mtolo uja, anagwira ngodya ya bulangete imene inatulukira, anagwedeza mutu movomera, n'kuloza kanjira kakumanzere, akusonyeza ndi manja mwala waukulu wosalala. Kwa iye panalibe chodabwitsa: mkazi akupita kukachapa. Chodabwitsa ndinali ine. Anayang'ana tayi, anayang'ana nsapato, n'kubisa pakamwa ndi kanga, kachitenje kake. Tinamumva akuseka mpaka atakhota.

Abale, phiri si masewera. Kwathu ku Chikwawa chinthu chachitali chimene ndinakwerapo ndi chulu. Kanjirako kanali koterera, mizu ili pingepinge, ndipo nsapato zanga zopolisha zija zinkapita kumene zafuna. Lona linkalemera pa sitepe iliyonse. Tayi ndinaivula pa mtunda woyamba, jekete pa wachiwiri, ulemu wonse pa wachitatu.

A Nambewe anavula nsapato zawo n'kuzisomeka mumtolo. Mayi amene kunyumba amadandaula msana akangotunga madebe awiri ankakwera ndi mabulangete asanu ndi limodzi pamutu, osagwirira, zala za kuphazi zikugwira miyala ngati anaisiya dzulo. Akafika pokhota ankaima n'kundidikira, dzanja lili m'chiuno.

"Bwerani, bambo a Rute! Phiri siluma!"

Akulu anati madzi saiwala khwawa. Ndinaziona ndi maso anga, ndili wefuwefu kumbuyo.

Mtsinjewo tinayamba kuumva tisanauone. Kenako kanjira kanatsikira m'chigwembe, ndipo kamphepo kozizira kanatiwomba kumaso ngati wina watsegula chitseko. Mbali zonse ziwiri makoma a miyala anakwera kumwamba, onyowa, omera ndere ndi nthochi zam'tchire, thambo n'kungotsala kamzere pakati. Kumtunda madzi ankagwa pa mathithi, oyera mbee, n'kudzapuma m'dziwe loti ukayang'ana umawerenga timiyala tapansi. M'mitengo munali anyani aubweya wautali, wakuda ndi woyera, amene anasiya kudya kuti ationere bwino. Ndipo m'mbali mwa dziwelo munali thanthwe lija mayi uja ankanena, lalikulu ngati pabwalo pathu, dzuwa likuwomba pamenepo.

Ine ndinkafuna kunena mawu akuluakulu oyenera malo otere. A Nambewe anatula mtolo, anagwada, anamwa madzi ndi manja, anasamba kumaso. Kenako anamasula chitenje, anatulutsa mtanda wa sopo, anaviika ngodya ya bulangete n'kupaka kamodzi kokha.

"Thovu!" anakuwa. "Bambo a Rute, thovu! Taonani thovu!"

Anaimirira, manja ali thovu lokhalokha mpaka m'zigongono, akuseka, misozi ikutsika. Kuseka kumeneko ndinali nditakuiwala. Ndi kuseka kumene ndinakumva koyamba pa msika wa ku Limbe ndili mnyamata, tsiku limene ndinagula tomato amene sindinkamufuna. Ndinakhala pansi pa lona, ndikungowayang'ana.

"Mwakhaliranji? Pindani buluku, mudzaponde!"

Ndinapinda buluku la suti, ine kalaliki wa ku Kurasini, n'kuyamba kuponda mabulangete m'kadziwe ka pathanthwe. Madzi ankaluma m'mafupa. Litsiro la Kigamboni linkatuluka lofiirira n'kutsika ndi mtsinje. A Nambewe ankamenya bulangete pamwala, phaa! phaa! makoma aja n'kumayankha, ndipo anayamba kuimba nyimbo za atsikana a kudambo kwawo zimene sindinkadziwa kuti amazidziwa. Tinkafinya awiri, wina uku wina uku, kupotokola mpaka wina aterereke. Ndinagwera m'madzi kawiri. Kachiwiriko ndikukhulupirira kuti anachita kundikoka dala, ngakhale akukana mpaka lero.

Tinachapa loyamba, lachiwiri, lachitatu. Ntchito ikakoma siwerengedwa. Tinachapa onse asanu ndi limodzi, n'kuwayala pathanthwe mokongola, ife n'kukhala pambali tikuwayang'ana ngati ana athu apambana mayeso.

Pamenepo m'pamene ndinaona mthunzi.

Unayambira kukhoma la kumadzulo, n'kumayenda pathanthwe poonekera, kudya bulangete loyamba, lachiwiri, mpaka onse. Wotchi yanga inkati nthawi ili cha m'ma fili koloko. Kunja kwa chigwembe dzuwa linali likadalipo lambiri, tinkaliona likuwala pamwamba pa khoma la kum'mawa, koma kwa ife linali litalowa. Kwawo kwa a Nambewe amachapa m'mawa, kunsi kwa phiri, kumene dzuwa limakhala tsiku lonse. Chimwemwe chinawaiwalitsa kuyang'ana kumwamba, ndipo ine ndinalibe n'chimodzi chomwe chimene ndinkadziwa. Safunsa anadya phula. Mayi wa nthochi uja akanatiuza.

Tinayang'anana. Tinayang'ana mabulangete, onse akudontha madzi.

"Tifunda chiyani?" ndinafunsa.

Kuzizira kunatsika ndi mtsinje. Ndinatola nkhuni mothamanga, tinakoleza moto pansi pa mwala wotsamira, tinaotcha chinangwa, tinawiritsa tiyi. Lona lija ndinalinyamula kuti likhale tenti linasanduka chofunda. Tinadzikulunga nalo awiri ngati katundu wopita kumtunda, likununkha dizilo ndi nsomba zouma. Jekete la suti ndinawaveka iwo, ndipo kanali koyamba pa ulendo wonsewo kuti sutiyo igwire ntchito.

Mumtima ndinati basi, zanga zada. Ndamutenga mwana wa eni ake kudzamupha ndi chisanu m'phanga la anyani. Tikakafika kunyumba sanduku lija akalitseka ndi loko.

Ndinamva lona likugwedezeka. Ndinaganiza kuti akulira.

"Pepani, mayi a Rute. Ndalakwa ndine."

Anatulutsa mutu. Ankaseka, mano akuwombana.

"Ndikuzizidwa!" anatero. "Bambo a Rute, ndikuzizidwa! Zaka khumi ndi chimodzi sindinazizidwepo! Taonani!"

Anapuma mpweya ndi pakamwa, nthunzi n'kutuluka, iwo n'kumaiwomba ndi dzanja ngati kamwana. Anandiuza momwe ankachitira ndi achemwali awo m'mwezi wa Juni, kupikisana kuti atulutse nthunzi yambiri ndani, momwe ankabisira mbatata yootcha m'manja popita kusukulu kuti zala zisaume. Nkhani zimenezi sindinazimvepo. Zaka zonsezi ndakhala ndikubweretsa nkhani za zombo kunyumba, osadziwa kuti nyumbayo ili ndi nkhani zake.

Za usikuwo sindinena zambiri. Unali wautali, ndipo mwala ndi mwala.

Kutacha mabulangete anali monga tinawasiyira, onyowa, ozizira, olemera. A Nambewe anayang'ana kumwamba, ulendo uno mosamala.

"Dzuwa lifika muno masana, n'kuchokanso. Sauma. Tiwatengere kumene kuli dzuwa."

"Kuti?"

Analoza pamwamba pa khoma.

Amene sananyamulepo bulangete lonyowa asandiuze za ntchito. Limalemera ngati mwana wa ng'ombe, ndipo limakudontheza madzi mumsana njira yonse. Tinapeza kanjira ka anthu otola nkhuni kokwera mokhotakhota m'mbali mwa mathithi, tinakwera ndi atatu, tinatsika, tinakweranso ndi atatu. Nsapato ndinazisiya pansi. Zala zanga za kuphazi, zimene zakhala m'ndende ya chikopa kuyambira ndili kusukulu, zinayamba kuphunzira ntchito yake.

Pamwamba pake panali udzu waufupi ndi miyala yofunda. Tinayala mabulangete, ofiira, otuwa, amizeremizere, phiri n'kuoneka ngati pakhomo pa munthu. Ndiyeno tinatembenuka.

Dziko lonse linali pansi pathu. Tauni ya Morogoro inali ngati mpunga wotayika pamphasa. Minda ya khonje, njanji, kautsi ka sitima kakukwawa chakum'mawa, kumene kuli Dar es Salaam ndi zombo zake ndi mapepala anga a katundu. Kumbuyo kwathu phiri linkapitirirabe kukwera mpaka m'mitambo. Mphepo inkanunkhira udzu ndi sopo. Ndikanapita ndekha ndi kamera, sindikanafika pamenepo. Ndikanakhala pansi padziwe n'kumati ndaona zonse. Anatikweza ndi mabulangete.

Pamenepo mantha aja anandichokera pang'ono, ndipo ndinafunsa.

"Mayi a Rute, makadi a ubatizo a ana ali kuti?"

Sanadzidzimuke.

"Munaona?"

"Ndinaona. Ndi makapu omwe."

Anazula kaudzu n'kumakatafuna.

"Amayi ndikuwafunadi, ndipo ndidzapita kukawaona. Koma ndinkaganiza kuti chikundidya ndi amayi okha." Anayang'ana phiri. "Inu simunandifunsepo, bambo a Rute. Munkangoti ndidzazolowera."

Ndinapepesa, ndipo kupepesa kwake kunali kwenikweni, osati kuja timapepesa kuti nkhani ithe. Ndinadikira kuti anene za sanduku. Sananene.

"Tiyeni titembenuze mabulangete," anatero. "Mbali iyi yauma."

Tsono ndikufunseni, amuna anzanga a ku Kurasini, a ku Vingunguti, a kuno ku Kigamboni. Ena a ife tinabwera dziko lino likadali Tanganyika, tsitsi lili bii, lero layamba imvi. Tikudziwa njira zingati? Ya kuntchito, ya kutchalitchi kapena kumzikiti, ndi ya kumanda. Uthenga wa maliro ukafika m'mawa, pofika masana lole yapezeka, tchuthi chapezeka, kamba wapezeka, ndipo timafika ngakhale kumene sitinapondeko. Zimenezo n'zabwino, tisazisiye. Koma kodi mpaka munthu afe kuti tione dziko? Timadutsa mapiri okongola titakhala kumbuyo kwa lole ndi bokosi, maso otupa, osaona kanthu. Amene tikanakondwa naye poona mapiriwo ndi amene ali m'bokosimo.

Wina anena kuti izi n'zachizungu. Zachizungu ziti? Atate athu anayenda pansi kuchokera ku Nyasaland mpaka ku Joni, ena mpaka kuno, akugona m'mapanga ndi m'mbali mwa mitsinje. Atakalamba sankasimba za mabwana awo. Ankasimba za mtsinje wakuti umene anawoloka madzi ali m'khosi, za phiri lakuti limene anaona kutacha. Ife ana awo tatsekeredwa m'zipinda za lendi, ndipo akazi athu tawatsekera kawiri.

Ndipo musandiuze kuti wanu sadandaula. Wanganso sankadandaula. Kodi munayang'anamo liti m'sanduku la kuchipinda kwanu?

Sindikunena kuti aliyense athamangire ku Morogoro. Wina maso ake amatsamira pa phiri, wina pa dambo, wina pa munda wa chimanga chongomera kumene. Funsani. Ndipo ngati mukuchita manyazi kuyenda ulendo wopanda chifukwa, kuopa kuti a Che Bwanali a kwanuko angakufunseni ngati phiri likudwala, chitani zimene anachita a Nambewe. Nyamulani zochapa. Palibe amene amafunsa munthu wopita kumtsinje.

Usiku wachiwiri tinafunda mabulangete atatu aliyense, ofunda dzuwa, ndipo ndinagona tulo toti sindinagonepo chibwerere kuno. Lamulungu masana Hamisi anatipeza pansi pa mango paja, ine suti ili makwinya okhaokha, tayi nditamangira lona.

"Vipi, bwana karani? Phiri lakuvomerani?"

"Landivomera," ndinatero, "koma chiwongo chake n'chowawa."

Tinafika ku Kigamboni ndi pantoni ya madzulo. Abiti Yusufu anatichingamira, anatula a Nambewe mtolo, ndipo asanafunse za ulendo anaika mphuno pa bulangete. Ananunkhiza kawiri, maso atatseka.

"Jamani! Mayi a Rute, ulendo winawo musandisiye. Anga alipo anayi, ndi makatani."

Che Bwanali anali pakhonde pawo, akusankha nsomba.

"Achimwene, odwala aja mwawasiya bwanji?"

"Akupezako bwino, Che Bwanali. Apereka moni."

Tinaseka tonse, koma ine mtima unali kuchipinda. Sanduku linali pomwe paja, lotseka. Sindinalikhudze. Lolemba m'mawa ndinawoloka kupita kuntchito, ndipo tsiku lonse ndinkalemba manambala a malole molakwika.

Madzulo nditalowa m'nyumba, tiyi anabwera m'kapu yamaluwa. Ndinaiyang'ana kapuyo, osaigwira. Ndinadzuka, ndinatenga Baibulo pashelefu, ndinatsegula pa Masalimo. Makadi awiri aja anali pamalo pake. Ndinapita kuchipinda n'kutukula chivundikiro cha sanduku, ndipo fungo la phiri linandiwomba kumaso. Munali mabulangete asanu ndi limodzi, opindidwa bwino, odzaza mpaka pakamwa, moti simukanalowanso ngakhale sipuni.

A Nambewe anaima pakhomo, akupukuta manja pa chitenje.

"Mabulangetewa akada, mumuuze Hamisi," anatero.

"Ndimuuza."

"Koma ulendo umenewo tikachapa asanu. Limodzi tikalisiya louma."

"Limodzi lokha, anthu awiri?"

"Likwana," anatero, n'kubwerera kukhitchini akuimba.